Kukaonana ndi wotsuka mano osadutsira kwa dokotala: zimene ndinapeza

Kiliniki ya mano imene ndimapita inayamba dongosolo loti munthu akhoza kulembetsa dzina kuti aonane ndi dental hygienist popanda kuyamba wadikira dokotala. Ameneyu ndi katswiri amene anaphunzira kuyeza nkhama, kutsuka mano mpaka kumizu ndiponso kuteteza matenda a m'kamwa asanakule. Chithandizochi ndachilandira ndipo ndikuchiyamikira kwambiri, ngakhale pali zina zimene sizinandisangalatse, ndipo ndizinena. Ndikulemba makamaka poganizira anzanga odwala shuga, komanso aliyense amene amaona magazi pamswachi m'mawa uliwonse n'kumayembekeza kuti asiya okha.

Kuipa kwa matenda a chiseyeye n'koti poyamba sapweteka. Nkhama zimangofiira, kutupa pang'ono, kutuluka magazi potsuka, kenako m'kamwa mumayamba fungo limene silichoka ngakhale utsuke bwanji. Pamene zonsezi zikuchitika, tizilombo timakhala tikulowerera pansi n'kumadya fupa limene lagwira mizu. Dzino limatsala ngati mzati umene dothi lake lakokoloka: pamwamba likuoneka labwinobwino, lopanda bowo, koma ukalikhudza likugwedera. Ndiye taganizirani za dokotala wa mano amene tsiku lake lonse ladzaza ndi anthu otupa masaya, osagona usiku chifukwa cha ululu, ofunika kuwazula dzino lero lomwe. Munthu wongotuluka magazi m'nkhama sangapikisane nawo pamzere, ndipo n'zomveka. Ine ndinkapatsidwa tsiku lakutali kwambiri ndikapempha kuonana ndi dokotala, pomwe kwa hygienist malo anapezeka msanga. Phindu loyamba la dongosololi ndi limeneli: lapereka khomo kwa munthu amene sanayambe kumva ululu, pa nthawi imene mano ake akhoza kupulumuka.

Amene anandithandiza ndi mayi wachikulire ndithu, wolankhula mofatsa koma wosazungulira. Ndinkaganiza kuti ayamba n'kundiuza kuti nditsegule pakamwa, koma anayamba ndi mafunso. "Bambo, tisanaone mano, tandiuzeni za shuga wanu. Munayezetsa liti komaliza, ndipo zotsatira zinali bwanji?" Anafunsa mankhwala onse amene ndimamwa, ngati pali ochepetsa kuundana kwa magazi, ngati ndimasuta, ngati m'kamwa mumauma usiku. Funso la fodya anali nalo chifukwa: fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama, choncho wosuta akhoza kukhala ndi chiseyeye chachikulu osaona magazi n'komwe. Atavala magolovesi anandigwira m'khosi ndi m'munsi mwa nsagwada kufufuza zotupa, anakoka lilime langa ndi kansalu n'kuliyang'ana m'mbali ndi pansi pake, anaona m'masaya ndi kumwamba kwa kamwa. Anandifotokozera kuti chilonda cha m'kamwa chimene chatha milungu yoposa iwiri kapena itatu osapola chimafunika kuonedwa mwachangu, chifukwa khansa ya m'kamwa imayamba motero. Palibe anali atandiyezapo zimenezi chibadwire.

Gawo limene linanditsegula maso ndi loyeza nkhama. Anatenga kachitsulo kowonda, kosasongoka, kokhala ndi timizere ta mamilimita, n'kumakalowetsa pang'onopang'ono pakati pa dzino ndi nkhama, malo asanu ndi limodzi pa dzino lililonse. Ankatchula manambala mokweza kuti wowathandiza azilemba pakompyuta: "Awiri, atatu, awiri. Atatu, atatu, anayi, magazi. Asanu, magazi." Asanayambe anali atandiuza tanthauzo lake kuti ndizitsatira ndekha. Kuyambira milimita imodzi mpaka atatu ndiye kuti nkhama yagwira bwino. Anayi kapena asanu ndiye kuti papangika kathumba kamene mswachi sungafike pansi pake. Kuyambira asanu ndi limodzi kupita m'mwamba, matenda akhazikika. Ndinagona pampando paja ndikumvetsera mmene zinthu zilili m'kamwa mwanga, dzino ndi dzino, ndipo atafika kumano akumbuyo manambala anayamba kukwera. Si zonyerenyetsa ayi, pamalo otupa kachitsuloko kamalasa ndithu, koma ululu wake ndi wa kanthawi.

Atamaliza anandipatsa kagalasi m'manja, iwo n'kuika kena kakang'ono kuseri kwa mano anga akutsogolo am'munsi. Kunali chinthu cholimba, chachikasu chodera, chomata mano onse pamodzi moti mipata yake sinkaoneka. Lilime langa linali litachizolowera kalekale mpaka ndinkangoti ndi mmene mano anga alili. Anati ndi litsiro lonanda lija limene limapangika pamano tsiku lililonse, lodzaza ndi mabakiteriya. Likasiyidwa masiku ochepa limakumana ndi michere ya m'malovu n'kuuma gwa. Limakonda malo amenewo chifukwa timabowo totulutsa malovu tili pansi pa lilime pomwepo. Likauma, mswachi sungalichotse ngakhale ukhale wokwera mtengo bwanji, ndipo poti ndi lokhakhala, litsiro latsopano limamatirirapo mosavuta.

Kutsukako ndinene zoona zake, chifukwa ena amakunena ngati kulibe ululu uliwonse. Anagwiritsa ntchito kachipangizo konjenjemera mothamanga kwambiri kamene kamathira madzi uku kakuswa litsiro louma lija, kwinaku kapaipi kena kakuyamwa madzi ndi malovu. Phokoso lake ndi losongoka, lolowa mpaka m'mutu, ndipo madzi ozizira akakhudza muzu umene uli pamtunda thupi lonse limadzidzimuka. Tinapangana kuti ndikakweza dzanja lamanzere aziima, ndipo ankaimadi nthawi yomweyo, osati kunena kuti "tatsala pang'ono" uku akupitiriza. Kumano akumbuyo kumene kunali timatumba takuya anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako anapala mizu ndi tizitsulo ta m'manja, mosamala, akumva ndi nsonga yake ngati pasalala. Ntchitoyo anaigawa: mbali imodzi ya kamwa tsiku limenelo, inayo ulendo wotsatira, kuti ndikhale ndi kotafunira. Poti ndimadwala shuga, anandilangiza kulembetsa nthawi ya m'mawa nditadya kale ndi kumwa mankhwala anga, kuopa kuti shuga angatsike ndili pampando.

Masiku otsatira mano anayayamira ndithu, makamaka ndikamwa madzi ozizira, ndipo lilime linkangopita kumipata imene inali itatseguka. Apa mpamene pamachokera mphekesera yoti kutsukitsa mano kumawononga, kumasiya mipata, kumagwedeza mano. Ndinawafunsa, ndipo yankho lawo linandikhutiritsa. Mipatayo inalipo kale, yosiyidwa ndi fupa ndi nkhama zimene matenda anadya; litsiro louma lija linangoitseka, ndipo kutupa kwa nkhama kunkaibisa. Kutupa kukaphwa, nkhama zimabwerera pamene pali fupa lenileni. Anandiuza izi ndisanachoke pampando, choncho sindinachite mantha zitachitika. Anandipakanso mankhwala olimbitsa mano otchedwa fluoride, okhala ngati vanishi, pamizu imene inali pamtunda, ndipo kuyayamirako kunatha pang'onopang'ono.

Chimene ndimaona kuti ndicho chuma chenicheni cha chithandizochi ndi nthawi imene anathera pondiphunzitsa. Anandipatsa kapiritsi koti nditafune, kamene kamapaka mtundu paliponse pamene pali litsiro lonanda. Ndinali nditatsuka mano ndisanachoke kunyumba, koma nditayang'ana pagalasi m'mphepete monse mwa nkhama ndi pakati pa mano munali mtundu wokhawokha. Sanandidzudzule. Anangonditengera mswachi n'kundiuza kuti nditsuke mmene ndimachitira, iwo akuyang'ana. Kenako anagwira dzanja langa n'kupendeketsa mswachiwo kuti ubweya wake uloze pamene dzino lakumana ndi nkhama, n'kunena kuti, "Apa, bambo, osati pakati pa dzino. Ndipo musakanikize, mungouyendetsa pang'onopang'ono." Anayesa timaburashi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mano, kusinthasintha kukula kwake mpaka atapeza koyenera mipata yakutsogolo ndi kena koyenera yakumbuyo. Anatinso ndikatsuka ndizingolavula thovu osachukucha ndi madzi, kuti fluoride atsalire pamano, ndipo pogula mankhwala otsukira mano ndiziwerenga pachubu kuti fluoride wake ali pakati pa 1,350 ndi 1,500 ppm, umene ndi muyezo wa kuchuluka kwake. Dokotala aliyense wa mano amazidziwa zimenezi, koma sakhala ndi mphindi zoimirira pagalasi ndi munthu mmodzi pamene panja pali ena akubuula.

Nditabwerera kukayezedwanso, manambala ambiri anali atatsika, ndipo mawu oti "magazi" anamveka mwa apo ndi apo. Mswachi unasiya kufiira, fungo lija linatha. Panatsala kathumba kamodzi kakuya kudzino lakumbuyo, ndipo ananena mosabisa kuti limenelo afuna dokotala alione ndi ekisire. Za shuga anandiuza zinthu zimene ndinakazitsimikiza powerenga. Shuga wokwera amafooketsa nkhama, ndipo nkhama zotupa zimavutitsanso thupi kutsitsa shuga. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, linapeza mu 2022 kuti kuchiza chiseyeye mwa odwala shuga kumatsitsa HbA1c, nambala yoonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndi pafupifupi 0.4 patatha miyezi itatu kapena inayi. Wodwala shuga aliyense amene amalimbana ndi nambala imeneyi akudziwa kuti 0.4 si yochepa.

Tsopano zodandaula. Poyeza paja anaona dzino lina limene linayamba kubooka. Iwo saloledwa kuboola ndi kumata dzino, ndiye analemba kalata yonditumiza kwa dokotala wa pakiliniki pomwepo. Ndinkayembekeza kuti poti vutolo laonedwa kale ndi katswiri, ndipatsidwa malo mofulumira. Ayi ndithu, kumalo olandirira alendo anandiika kumapeto kwa mzere womwe uja, ngati munthu wongofika kumene. Apa dongosololi latsimphina. Kuona matenda msanga kumapindula ngati pali njira yoti achizidwenso msanga, apo ayi munthu amangobwerera kunyumba akudziwa kuti dzino lake likuwola koma wopanda chochita. Kiliniki yotsegula khomo la hygienist iyenera kusunga malo angapo pa sabata kwa dokotala, a anthu otumizidwa kuchokera kumeneko.

Chachiwiri, olandira alendo safotokoza malire a chithandizochi. Ndinaona bambo wina atafika atagwira tsaya, atalembetsa kwa hygienist chifukwa n'kumene kunali malo, ndipo anabwerera wokhumudwa atauzidwa kuti vuto lake ndi la dokotala. Funso limodzi lokha pafoni likanamupulumutsa ulendo. Dzino likamapweteka usiku, tsaya likatupa, mafinya akamatuluka kapena thupi likatentha, kofunika ndi kwa dokotala, tsiku lomwelo. Mu 2007 mnyamata wa zaka 12 ku Maryland, m'dziko la America, anamwalira chifukwa tizilombo ta m'dzino lowola tinafika kuubongo, ndipo imfa yake inagwedeza dziko lonselo pa nkhani ya ana osauka osowa chithandizo cha mano. Kutupa kochokera m'dzino si kodikira nako.

Chachitatu chinandinyansa: pakhoma ndi patebulo panali timapepala totsatsa kuyeretsa mano kuti awale, ndipo polipira anandifunsa ngati ndikufuna kuwonjezerapo zimenezo. Mayi amene anandithandiza sanatchulepo n'komwe, koma kiliniki ikamaika patsogolo kuwalitsa mano, anthu amayamba kuona hygienist ngati wokongoletsa chabe. Pamenepa ndinenenso chinthu chimene otsatsa sakonda kunena. Cochrane yemweyo anapeza mu 2018 kuti kwa akuluakulu amene nkhama zawo zili bwino, kutsukitsa ndi kupolishitsa mano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse sikusintha kwenikweni thanzi la nkhama. Ku Britain, malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE amati wamkulu aziyezedwa m'kamwa pakapita miyezi kuyambira 3 mpaka 24, malinga ndi mmene alili. Choncho si aliyense wofunika kubwerabwera. Ine ndikufunika, chifukwa cha shuga ndi timatumba tija, koma mnzanga wa nkhama zolimba asakakamizidwe. Nthawi ya akatswiriwa ikathera pa kupolisha mano a anthu osadwala, odwala enieni adzasowanso malo.

Ntchitoyi si yatsopano. Dokotala wina wa mano, Alfred Fones wa ku Bridgeport m'chigawo cha Connecticut ku America, anaona kuti ambiri mwa mano amene ankazula akanapulumuka akanatsukidwa bwino. Anaphunzitsa wothandizira wake, Irene Newman, kutsuka mano a odwala, ndipo mu 1913 anatsegula sukulu yoyamba ya ma hygienist. Newman analandira chiphaso chogwirira ntchitoyi mu 1917, woyamba kuchilandira. Chondichititsa chidwi n'choti ambiri mwa oyamba kumaliza maphunziro pasukuluyo anakagwira ntchito m'masukulu a ana a mumzindawo. Cholinga chinali kupita kumene kuli anthu. New Zealand nayo inayambitsa mu 1921 anamwino a mano a m'masukulu, amene ankafika mpaka pomata mano a ana. Koma m'maiko ambiri malamulo anadzamanga akatswiriwa kumpando wa dokotala, moti sangakhudze munthu dokotala asanamuone ndi kulemba chilolezo.

Zingwezi zakhala zikumasulidwa pang'onopang'ono. Ku Britain, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za mano la General Dental Council linalola kuyambira pa 1 May 2013 kuti anthu azionana ndi ma hygienist popanda kalata ya dokotala, ndipo mu 2024 lamulo linawalolanso kupereka mankhwala ena, monga ochititsa dzanzi ndi vanishi wa fluoride, osadikira kuti dokotala alembe. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake: Colorado inawalola kugwira ntchito paokha m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero zigawo zoposa 40 zimalola mwanjira ina kuti munthu afike kwa iwo mwachindunji. California ili ndi chiphaso chapadera cholola hygienist kupita kunyumba za odwala osatha kuyenda, kumalo osungirako okalamba ndi m'masukulu. Poti malamulo amasiyana chonchi, ndi bwino kufunsa kumene muli kuti hygienist amaloledwa kuchita ziti.

Madokotala ena amatsutsa, amati wotsuka mano akhoza kuphonya matenda amene dokotala akanawaona. Nkhawayi sindikuipeputsa, ndipo n'chifukwa chake ndalimbikira za njira yotumizira odwala. Koma tiyeni tiyang'ane kukula kwa vutoli. Lipoti la World Health Organization la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, pafupifupi theka la anthu onse padziko, ndipo atatu mwa anayi alionse a iwo ali m'maiko osauka ndi opeza pakatikati. Pafupifupi biliyoni imodzi ali ndi chiseyeye choopsa. Palibe dziko limene lingaphunzitse madokotala okwanira khamu limeneli, ndipo ophunzitsidwawo ambiri amakhazikika m'mizinda ikuluikulu. Kwa anthu ochuluka, kukana kuti aonedwe ndi hygienist sikutanthauza kuti aonedwa ndi dokotala. Kumatanthauza kuti saonedwa ndi aliyense mpaka tsiku lozula. Maphunziro a hygienist ndi aafupi poyerekeza ndi a dokotala, zipangizo zake zambiri zimanyamulika m'chikwama, ndipo zimene amachita n'zimene zimatseka matenda pachiyambi. Mwachitsanzo, kumata timing'alu ta mano akumbuyo a ana ndi kapulasitiki kopyapyala, ntchito yosafuna kuboola kapena jakisoni, kumateteza pafupifupi 80 peresenti ya kubooka kwa manowo m'zaka ziwiri zoyambirira, malinga ndi bungwe la zaumoyo la CDC la ku America. Imeneyi ndi ntchito yoti ikhoza kuchitikira m'kalasi.

Nkhani yoyendera anthu m'makomoyi imandikhudza chifukwa cha amayi anga. Ndi okalamba, anadwala sitiroko, dzanja lawo lamanja siligwiranso mswachi, ndipo kuwakweza galimoto kupita kukiliniki ndi ntchito ya tsiku lonse imene imawatopetsa. Mankhwala amene amamwa amawaumitsa m'kamwa, ndipo m'kamwa mouma mano amawola msanga, makamaka kumizu. Ndinafunsa ngati kilinikiyi imatumiza munthu kunyumba. Hygienist uja anati iwo angakonde kutero, koma akuluakulu a kiliniki sanavomerezebe. M'malo mwake anapatula mphindi zingapo kundionetsa mmene ndingawatsukire amayi angawo: kuwakhazika pampando, ine kuima kumbuyo kwawo nditachirikiza mutu wawo, kukweza mlomo ndi chala, kugwiritsa ntchito mswachi wa mutu waung'ono ndi wofewa, kuwapatsa madzi pafupipafupi masana. Anandiuzanso kuti mwa okalamba ovutika kumeza, litsiro la m'kamwa likhoza kupita m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, choncho kutsuka m'kamwa mwawo n'kofunika ngati kuwapatsa mankhwala. Malangizowa athandiza, koma litsiro louma limene lili kale pamano awo ine sindingalichotse.

Ngati mukufuna kuyesa chithandizochi, polembetsa funsani ngati ayeza nkhama ndi kulemba manambala, osati kungopolisha. Tengani mndandanda wa mankhwala anu onse. Funsani kuti akapeza vuto loposa ntchito yawo akutumizani kuti, ndipo mudzadikira nthawi yaitali bwanji. Pemphani kuti akuonetseni pagalasi zimene akuona. Ine ndipitirizabe kupita kwa hygienist ameneyu, ndipo ndalembera kalata oyang'anira kilinikiyi kupempha zinthu ziwiri: kuti otumizidwa ndi hygienist azipatsidwa malo msanga kwa dokotala, komanso kuti tsiku limodzi pa mwezi alole hygienist kutuluka ndi zipangizo zake kukaona odwala amene sangathe kufika pakhomo la kiliniki.